Nyengo ya mafomu yafika, amayi tidekhe

 

Sabata yatha ndinapita kwa mnansi wanga wina amene mwana wake wakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Ndinanyamula nkhuku kuti ndikawayamikire, ndipo m'njira monse ndinkayembekeza kukapeza nthungululu pakhomopo. Koma ndinapeza mayiwo atakhala pamkeka, mapepala ali mbwee mbali zonse, nsima ya masana isanaphikidwe ngakhale dzuwa linali litapendeka. Mwana anali atadzitsekera kuchipinda, pamene bambo anali kuseri kwa nyumba ndi wailesi yawo, osalankhula ndi munthu. Mayiwo atandilonjera anati, "Anzanga, mwana wakhoza ndithu, koma ine tulo tandithawa." Ndinawamvetsa msanga, pakuti inenso ndinadzera njira yomweyo zaka ziwiri zapitazo ndi mwana wanga wachisamba. Ndicho chifukwa chake lero ndati tikambirane za nyengo imene mwana afunsira malo ku sukulu ya ukachenjede, nyengo imene imasandutsa chimwemwe cha banja kukhala mkangano ngati makolo sadekha.

Poyamba tidziwe mpikisano umene ana athu akulowamo. Ife amene tinabadwa kale tikukumbuka nthawi imene dziko lino linali ndi yunivesite imodzi yokha, University of Malawi, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964. Lero za boma zilipo zisanu ndi imodzi. Ku Mzuzu kuli Mzuzu University, ku Lilongwe kuli LUANAR imene ambiri timangoiti Bunda, ndipo ku Thyolo kuli MUST imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Mu 2021 yunivesite yakale ija inagawidwa patatu. Dzina la University of Malawi linatsalira ku Zomba kumene tinkati Chancellor College, Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka MUBAS, ndipo sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS. Ngakhale zachuluka chotero, malo ndi ochepabe poyerekeza ndi ana amene amakhoza chaka ndi chaka.

Bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la National Council for Higher Education, limene timalidziwa ndi dzina loti NCHE, ndilo limalengeza nthawi yofunsira malo zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, ndipo mwana amafunsira m'sukulu zonse za bomazi pa fomu imodzi. Amayi enafe timasokonezeka ndi nkhani ya mapointi, choncho ndifotokoze pang'ono. Pa mayeso a MSCE phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti mwana wachita bwino. Wopeza 1 kapena 2 wapambana koposa, kuyambira 3 mpaka 6 ndiye kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa chabe, pamene 9 ndi kulephera. Kuti mwana afunsire malo ku yunivesite afunika kukhoza ndi kirediti kapena kuposa apo m'maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo limodzi la iwo likhale Chingerezi. Mukamva kuti mwana wa uje wapeza mapointi 12, ndiye kuti aphatikiza manambala a maphunziro asanu ndi limodzi amene anachita bwino koposa. Mayi wodziwa zimenezi sanamizidwa ndi mwana, ndiponso samukalipira mwana pachabe.

Tsono tibwere ku mapepala, amene ndiwo anandisowetsa mtendere ine. Mwana wanga anayamba sukulu ali kumudzi kwa mayi anga, nthawi imene ine ndi bambo ake tinali kufunafuna pokhala m'tauni. Agogo akewo pokamulembetsa Sitandade 1 anatchula dzina la amuna awo, ndiwo bambo anga, ngati dzina lake lachiwiri, ndipo chaka chobadwa anangoyerekeza. Dzinalo linayenda naye kufikira Fomu 4 popanda wina wa ife kulabadira. Atakwanitsa zaka 16 ndi kukatenga chiphaso cha unzika, tinalembetsa dzina la bambo ake ndi chaka chenicheni chimene anabadwa. Tsiku lodzaza fomu ndi pamene tinaona kuti tili ndi ana awiri papepala, wina wokhoza mayeso koma wopanda chiphaso, wina wa chiphaso koma wosalemba mayeso. Cholakwa chinali chathu, panalibe womuloza chala. Kunali kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti nthawi yofunsira itsekedwe, ndipo masiku anayi anathera pa kuyenda, kuchokera kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yake kufikira kukalumbira kalata yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ndalama imene ndinasungira sutikesi yake inathera m'minibasi.

Choncho ndikupemphani, amayi anzanga, ngakhale inu amene ana anu ali Fomu 2 kapena Fomu 3, kuti madzulo ano mutulutse mapepala onse a mwana ndi kuwayala pamkeka. Yang'anani kalata ya kubadwa ngati ilipo, chiphaso cha unzika, ndi dzina limene analembetsa ku sukulu. Onani ngati maina akufanana chilembo ndi chilembo, ndiponso ngati tsiku lobadwa ndi limodzi. Ngati simudziwa kuwerenga musachite manyazi, itanani mphunzitsi kapena mlembi wa kumpingo kuti akuwerengereni, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Cholakwa chimene chingakonzedwe mosavuta mwana asanalembetse mayeso chimasanduka phiri zotsatira zikatuluka.

Gulani envulopu yaikulu imodzi, kapena kachikwama ka pulasitiki kosalowa madzi, ndipo mapepala onse a nkhaniyi azikhala m'menemo. Muikemo kapepala ka zotsatira za mayeso kochokera ku MANEB, chiphaso cha unzika, zithunzi zing'onozing'ono za mwana, ndi lisiti ya ku banki yosonyeza kuti mwalipira ndalama yofunsira malo. Pepala lililonse likhale ndi fotokope ziwiri, ndipo lenilenilo musalipereke kwa munthu wongoti akuthandizeni. Pakhomo pakhale munthu mmodzi wosunga envulopuyo, ndipo onse adziwe kuti ili pati. Kwathu lisiti ya ku banki inapezeka m'thumba la jekete la bambo, titaifunafuna usiku wonse ndi kunenezana mawu amene m'mawa mwake tonse tinachita nawo manyazi. Lembaninso tsiku lotsekera pa kalendala ya pakhoma ndi zilembo zazikulu, koma m'mtima mwanu mulibweze m'mbuyo ndi sabata yathunthu, chifukwa tsiku lomaliza ndilo magetsi amazima, netiweki imavuta, ndipo mzere wa ku banki umafika panja.

Masiku ano zambiri za mafomuwa zimachitika pa intaneti, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri timagwa mphwayi ndi kusiyira ena. Anyamata a m'timashopu ta makompyuta amathandiza ndithu, koma amakhala ndi anthu ambiri pa mzere, ndipo dzanja lofulumira limalakwitsa. Mwana wa mlamu wanga anapereka mapepala ake kwa mnyamata wotere ndi kupita kumsika. Pobwera anauzidwa kuti zonse zatheka, koma pambuyo pake kunapezeka kuti nambala ya foni imene inalembedwa pa fomu ndi ya mnyamatayo, ndipo mawu achinsinsi otsegulira fomuyo ankawadziwa ndi iye yekha. Mwana akhale pomwepo fomu ikamadzazidwa, awerenge yekha mzere uliwonse asanaitumize, makamaka nambala yake ya mayeso. Nambala ya foni ikhale ya pakhomo panu, yosatayikatayika, ndipo mawu achinsinsi awalembe papepala ndi kuwaika m'envulopu ija. Inunso mayi pitani naye. Ngakhale kompyuta simuidziwa, kukhalapo kwanu kumachititsa wodzaza fomu kusamala.

Koma chimene chimagawanitsa mabanja kwambiri m'nyengoyi ndi kusankha maphunziro. Pa fomu mwana amasankha maphunziro angapo, kuyambira chimene akuchifuna koposa. Bambo a kunyumba kwanga anali atauza kale anzawo onse kuti mwana wawo adzakhala dokotala. Mwanayo anali atakhoza bwino za ulimi, Bayoloje ndi Jogalafe, koma masamu anangopeza 6, ndipo mtima wake unali ku Bunda. Atanena zimenezi pa chakudya chamadzulo, bambo ake anasamba m'manja nsima isanathe, nati, "Ine sindinagulitse mbuzi zanga kuti mwana akaphunzire khasu." Mwana analira, ndipo kwa masiku atatu m'nyumba munali zii ngati mwagwa maliro.

Sindinawayankhe pamaso pa ana, pakuti mwamuna wotsutsidwa pagulu amaumirira ngakhale aone kuti walakwa. Ndinapita kwa mphunzitsi wa mwanayo, amene anandisonyeza kuti maphunziro aliwonse ali ndi zofunika zakezake. Za udokotala zimafuna kuti mwana akhale atachita bwino kwambiri masamu, Bayoloje, Kemisitiri ndi Fizikisi, ndipo olimbirana malowo ndi ana amene apambana koposa m'dziko lonse. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi abwino koma osasankhidwa kulikonse, chifukwa chakuti pa fomu anadzaza maphunziro okhaokha amene sakugwirizana ndi zimene iye anakhoza. Usiku ana atagona ndinawafotokozera bambo zimenezi pang'onopang'ono, kenaka ndinati, "Bambo, kodi fizi ya mwanayu kuyambira Fomu 1 inachokera kuti? Si mtedza ndi soya wa kumunda kwathu? Khasu limene latiphunzitsira mwana lisanduke chamanyazi lero?" Anakhala chete nthawi yaitali. M'mawa mwake anamuitana mwana ndi kumuuza kuti alembe chimene mtima wake ukufuna. Lero ali ku Bunda, ndipo bambo omwewo ndiwo amauza alendo za mbewu zimene mwana wawo akuphunzira.

Sindikunena kuti makolo tisalangize. Mwana wa zaka 18 sadziwa zonse za dziko, ndipo ena amasankha maphunziro chifukwa chakuti mnzawo wasankha omwewo. Tiwafunse mafunso, tiwaperekeze kwa aphunzitsi, tiwakumanitse ndi anthu amene akugwira ntchito imene akuifunayo. Koma tikumbukire kuti amene akakhale m'kalasi zaka zinayi kapena zisanu ndi mwanayo, ife tidzakhala tili kunyumba. Langizo labwino ndi lakuti pamwamba alembe chimene akuchikonda ndipo akuchikwanitsa, ndipo m'munsi asasiyemo mipata, aikemonso maphunziro ena amene anthu salimbirana kwambiri, kuti akaphonya uku agwire uko.

Chenjeraninso ndi akathyali, pakuti nyengo ino ndiyo yokolola kwa iwo. Amadziwa kuti mayi wodera nkhawa mwana wake saumira ndalama. Wina adzakuimbirani foni, kapena adzakupezani kumpingo atavala bwino, nadzati ali ndi mbale wake ku ofesi amene angalowetse dzina la mwana wanu mukapereka kenakake. Malo a ku yunivesite ya boma sagulitsidwa. Ndalama yofunsira malo imalipiridwa m'njira imene yalembedwa m'chilengezo, ndipo maina a osankhidwa amalengezedwa poyera kuti aliyense aone. Mukapereka ndalama kwa munthu wotere, mwana akasankhidwa mwa nzeru zake iye adzati ndi ntchito yake, akapanda kusankhidwa foni yake idzaleka kupezeka. Chimodzimodzinso ndi sukulu za ukachenjede zimene si za boma. Zilipo zabwino, za mipingo ndi za anthu ena, koma musanalipire tambala fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro amene mwana akufunawo ndi zovomerezedwa ndi NCHE. Safunsa anadya phula, ndipo palibe chowawa ngati kugulitsa ng'ombe chifukwa cha satifiketi imene olemba ntchito adzaikana.

Nanga za ndalama? Ambiri timayamba kuziganizira dzina la mwana litatuluka, pamene nthawi yatha kale. Boma linakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, m'chaka cha 2015. Dziwani kuti kusankhidwa ku yunivesite ndi kupeza ngongoleyi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngongole ili ndi fomu yakeyake ndi nthawi yakeyake, ndipo si onse ofunsira amene amalandira. Lembani zoona zokhazokha za m'mene banja lanu lilili, ndipo mwana adziwe kuti ndi ngongole, adzayenera kubweza akamaliza maphunziro kuti ana a ena adzathandizidwenso. Kupatula fizi, pali zambiri zimene zidzafuna thumba lanu: ulendo, zofunda, ndowa, chakudya, foni kapena kompyuta yophunzirira, ndiponso lendi, pakuti malo ogona m'sukuluzi sakwanira onse ndipo ophunzira ambiri amachita lendi m'makomo oyandikira. Yambani lero kuika pambali kangachepe, kaya ku banki m'khonde, kaya posunga nkhuku ndi mbuzi zimene simudzazikhudza. Uzani malume ake ndi azakhali ake nthawi ikadalipo, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mbale wouzidwa mwadzidzidzi amapereka mawu okha. Katapila yekha mupeweni, chifukwa adzadya munda wanu mwana asanamalize chaka choyamba.

Fomu ikapita pamabwera miyezi ya kudikira, ndipo imeneyi ndiyo imalemera pa mtima wa mwana koposa. Anzake a ku sukulu abalalika, alibe kopita m'mawa, ndipo aliyense wokumana naye amamufunsa funso limodzi lomwelo. Ife makolo tisawonjezere katundu pomufunsa tsiku ndi tsiku ngati maina atuluka, kapena pomuyerekeza ndi mwana wa mnansi. Mawu oti "tinataya ndalama zathu pa iwe" amatuluka msanga pakamwa pa mayi wotopa, koma mwana amawasunga zaka zambiri. Mupatseni chochita. Athandize kumunda kapena pa geni yanu, aphunzire kusoka kapena kompyuta, aphunzitse ang'ono ake masamu madzulo. Ana aakazi tiwayang'anire mwachikondi, pakuti nyengo yomweyi ndiyo amabwera ofunsira mbeta ndi mawu okoma, ndipo achibale ena amayamba kunena kuti mtsikana wakula, akudikira chiyani. Ayankheni mwaulemu kuti mwana akadali pa sukulu. Ana aamuna nawonso asatayiriridwe, chifukwa ulesi wa pa sitolo ndiwo umawaphunzitsa mowa ndi juga.

Mukaona mwana wasiya kudya, sakugona, akudzipatula, kapena akunena mawu osonyeza kuti moyo wamukwana, musati ndi matama a ana a masiku ano. Khalani naye pansi, mumvetsereni osamudula mawu, ndipo musamusiye yekha. Uzani munthu wamkulu amene mwanayo amamukhulupirira, ndipo pitani naye ku chipatala, pakuti matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse ndipo ali ndi chithandizo. Mwana amve kuchokera pakamwa panu, maina asanatuluke, kuti kaya asankhidwa kaya sasankhidwa, pakhomo pano ndi pake ndipo mbale yake ya nsima ilipo.

Inunso mayi dzisamaleni. Mnansi wanga uja anali atatha masiku awiri akumva mutu, osadya bwino, akuwerenga fomu imodzi yomweyo kambirimbiri. Kuda nkhawa sikusintha chilembo ngakhale chimodzi papepala. Gawanani ntchito ndi bambo, wina apite ku banki, wina aperekeze mwana kodzaza fomu. Amayi amene amuna anu anatsogola kapena ali kutali ku ntchito, pezani mnzanu wa ana a msinkhu womwewo kuti muziyendera limodzi ndi kukumbutsana masiku. Sankhani nthawi imodzi pa tsiku yokambirana za sukulu, ndipo nthawi ya chakudya ikhale ya chakudya. Amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi musaleke kumwa mankhwala ndi kukayezetsa chifukwa cha kutanganidwa, pakuti mwana adzafuna mayi wamoyo pa tsiku lolandira digiri.

Ndipo maina akatuluka la mwana wanu palibe, lirani naye tsiku limodzi, koma m'mawa mwake mudzuke. Njira sizinathe. Kuli sukulu za uphunzitsi m'zigawo zonse zitatu, monga ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga ndi Blantyre. Kuli sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Livingstonia, kumene ana amaphunzira zamagetsi, zomangamanga ndi zokonza magalimoto, ndipo atsikana akulowako masiku ano. Kuli sukulu za unamwino ndi za umoyo, za boma ndi za mipingo. Ena amalembanso mayeso kuti akonze phunziro limene linawagwetsa, nafunsiranso malo. Zonsezi zili ndi nthawi yake yofunsira, choncho tcherani khutu ku wailesi ndi kuyang'ana m'nyuzipepala pamene mukudikira za ku yunivesite, ndipo envulopu ija ikhale chikonzekere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lija sindinachoke kwa mnansi wanga mpaka titasanja mapepala onse ndi kulemba zotsala papepala limodzi. Zinapezeka kuti zinali zitatu zokha. Kenaka tinapha nkhuku ija, mwana anatuluka kuchipinda kudzasonkha moto, ndipo bambo anabwera ndi wailesi yawo kudzakhala pakhonde. Fomu anaitumiza Lachitatu, nthawi ikadalipo.

Amayi amene munadzera kale njira imeneyi, tilembereni kuti anzathu aphunzirepo kanthu. Sabata ya mawa tidzakambirana za katundu woyenera kumukonzera mwana wopita ku sukulu yakutali, ndi malangizo oyenera kumupatsa usiku woti mawa anyamuka. Tsalani bwino.